Guluu wa M'nyumba ndi Moyo wa Nsomba: Zomwe Ndaona pa Thanki Yagalasi ndi Dziwe la Simenti ku Mchinji

Aliyense amene amasunga nsomba pakhomo, kaya m'thanki yagalasi ya pabalaza kapena m'kadziwe ka simenti kuseri kwa nyumba, tsiku lina adzapeza madzi akudontha. Magalasi amalekana pakona, simenti amang'aluka, paipi imazuka pamalo pake, ndipo chomwe munthu amayamba kuganiza ndi kuthamangira kusitolo ya hadiweya kukagula chomatira. Kumeneko timafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi guluu ameneyu amagwira, ndipo wogulitsa amayankha moona mtima kuti amagwira chilichonse, ngakhale m'madzi momwe. Kwa woweta nsomba funso limeneli ndi losakwanira, chifukwa guluu akhoza kugwira bwino lomwe, osalola ndi dontho limodzi kutuluka, koma n'kupha nsomba zonse m'masiku ochepa. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Mchinji, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikusunga mbuna, tinsomba ta mawanga ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, m'thanki yagalasi komanso makumba ndi chilunguni m'dziwe laling'ono la simenti. Zomwe ndalemba pano ndi zimene ndaziona ndi maso anga, kuphatikizapo zimene ndinadziwa nditayamba kuwerenga mofatsa timalemba ta kumbuyo kwa machubu.

Thanki yanga ndi ya masentimita 90 m'litali, 40 m'lifupi ndi 45 kupita m'mwamba, kotero imalowa malita oposa 160. Popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kamzere ka silikoni komwe kali m'makona kamagwira katundu wolemera kuposa matumba atatu a chimanga, usana ndi usiku, kwa zaka. Itayamba kudontha pakona ya pansi, ndinasamutsira nsomba m'beseni n'kuitengera kwa mmisiri wina wa magalasi pa boma, munthu waluso amene amaika mawindo ndi magalasi a m'bafa m'nyumba zambiri. Anaimata tsiku lomwelo ndi silikoni woyera yemwe anatsala pa ntchito ya m'bafa la munthu wina, ndipo m'mawa mwake anandiimbira kuti ndikatenge. "Aphunzitsi, apa musade nkhawa," anatero. "Ameneyu ndi wa m'bafa, madzi sawaopa, ndiponso sachita nkhungu." Mawu omalizawo anawanena monyadira, ndipo pa ntchito yake ya masiku onse ndi chinthu chonyaditsadi. Thanki sinadonthenso. Koma nsomba zitabwereramo zinayamba kuunjikana pamwamba n'kumayasamula kukamwa, zipsepse zitapindika, mawanga ake abuluu ndi achikasu atazilala, zina zikudzikhula pamiyala. Chakudya zinachikana, ndipo sabata isanathe zambiri zinali zitafa.

Ndinabwerera kwa mmisiriyo kukapempha chubu chomwe anagwiritsa ntchito, ndipo mwamwayi chinali chikadali m'katoni ya zinyalala. Kutsogolo kwake kunali mawu akuluakulu akuti "sanitary" ndi "mould resistant", pamene kumbuyo, m'timalemba tomwe munthu amachita kuyandikiza kumaso kuti awerenge, munali chiganizo chakuti "not suitable for aquariums", kutanthauza kuti si woyenera mathanki a nsomba. Titawerenga limodzi, mkuluyo anagwira pakamwa. "Aphunzitsi, zaka zonsezi ine ndimayesa silikoni ndi mmodzi, amangosiyana mtundu," anatero. Sindimuimba mlandu, chifukwa pazenera kapena pasinki kusiyanako sikuoneka, ndipo amisiri ambiri omwe ndacheza nawo kuchokera nthawi imeneyo amaganiza chimodzimodzi.

Silikoni payekha, akauma bwinobwino, sasungunuka m'madzi ndipo savulaza nsomba. Ndiye chifukwa chake kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mathanki a nsomba anasiya kumangidwa ndi mafelemu achitsulo n'kuyamba kulumikizidwa ndi silikoni yekha. Chomwe chimapha ndi mankhwala omwe opanga amathira mu silikoni wa m'bafa ndi wa kukhitchini pofuna kuti asade ndi nkhungu. Mankhwalawa ndi monga carbendazim, zinc pyrithione ndi ena a gulu la isothiazolinone, ndipo anawaika dala m'njira yoti azituluka pang'onopang'ono kufika pamwamba pa silikoniyo kwa nthawi yaitali, chifukwa akapanda kutuluka sangaphe nkhunguyo. M'bafa zimenezi zilibe vuto, poti madzi amangodutsa n'kupita m'ngalande. M'thanki madzi ndi omwewo lero ndi mawa, choncho mankhwalawo amangowunjikana. Nsomba imapumira m'makha, ziwalo zofiira za m'mbali mwa mutu zija, ndipo m'menemo magazi ndi madzi zimalekanitsidwa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri, kotero chilichonse chosungunuka m'madzi chimafika m'thupi mosavuta. Mankhwala omwewo akhozanso kupha tizilombo tothandiza tomwe timakhala m'sefa ndi m'miyala, tomwe timasandutsa ammonia wa m'ndowe za nsomba kukhala mchere wosaopsa kwenikweni, ndipo tikafa nsomba zimavutika pawiri. Kutsuka thanki kapena kudikira kuti silikoni wotereyu aume sikuthandiza. Njira yokhayo ndi kumupala yense n'kumata mwatsopano.

Choncho pogula, chinthu choyamba ndi kufuna chubu chomwe chalembedwa poyera kuti "aquarium". Chikasowa, ena amatenga cholembedwa kuti "100% silicone" chomwe sichikutchula nkhungu paliponse, koma pamenepo munthu awerenge mbali zonse, chifukwa mawu monga "anti-fungal", "mildew resistant", "kitchen and bathroom" ndi "sanitary" onse akulozera ku mankhwala omwewo. Katundu wolowera ku Mozambique amakhala ndi mawu a Chipwitikizi, ndipo "antifungos" ndi amene muyenera kuwathawa. Chubu chomwe chalembedwa m'chinenero chimene simungawerenge, kapena chomwe chilibe dzina la wopanga ndi tsiku lotha ntchito, chisiyeni ngakhale chitchipe motani. Ndaona kuti chubu chikamalonjeza zambiri, monga kupha tizilombo, kusada, kununkhira bwino kapena kupakika penti, ndiye kuti muli zowonjezera zambiri, ndipo m'pamene chimakhala chokayikitsa kwa woweta nsomba. M'masitolo a pa boma ndi pa Kamwendo silikoni wa m'bafa ndi wa m'mawindo ndiye amapezeka mosavuta. Wa mathanki a nsomba ine ndimakagula ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, kapena ndimatuma wina amene akuwolokera ku Chipata kudzera pa Mwami. Mtundu suuza munthu kanthu: woonekera, woyera ndi wakuda, onse akhoza kukhala abwino kapena oipa.

Fungo nalo limasocheretsa anthu. Silikoni wambiri wa magalasi amanunkha viniga kwambiri pouma, mpaka misozi kulengeza m'maso, chifukwa amatulutsa asidi yemwe amapezekanso mu viniga. Alendo akamva fungolo amaganiza kuti ndiye poizoni, koma asidiyo amauluka n'kutha, ndipo mtundu umenewu ndiwo umagwira galasi mwamphamvu ndiponso ndiwo umagwiritsidwa ntchito kwambiri pomanga mathanki. Palinso wina wolembedwa kuti "neutral cure" yemwe sanunkha kwambiri, ndipo anthu amamuona ngati wofatsa, chonsecho nayenso amatulutsa zake pouma; ameneyu musamukhulupirire pokhapokha wopanga atanena kuti ndi woyenera nsomba. Komanso musaganize kuti fungo la viniga ndi umboni wakuti silikoniyo ndi wabwino, chifukwa wa m'bafa uja anandiphera mbuna ankanunkhanso viniga.

Nkhani ya kuuma ndi imene imafuna kudekha, ndipo m'pamene ambiri timalephera kupirira poona nsomba zikuvutika m'beseni. Silikoni sauma ndi dzuwa kapena mphepo monga mmene matope amaumira. Amalimba pokumana ndi chinyezi cha mumpweya, kuyambira kunja kulowa mkati. Pakapita mphindi 10 mpaka 20 pamwamba pamachita kakhungu, ndipo munthu akagwira amayesa zatheka, pamene mkati mukadali phala. Opanga ambiri amalemba kuti amalimba mamilimita 2 kapena 3 pa maola 24, ndipo chiwerengero chimenecho ndi cha nyengo yofunda pang'ono, cha m'ma digiri 23, ndi mpweya wachinyezi. Kuno ku Mchinji miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira ndipo mpweya umakhala wouma, choncho ntchitoyi imachedwa, m'dzinja imafulumirako. Ine ndimapatsa thanki sabata yathunthu pamalo a mthunzi podutsa mphepo, ndipo ngati mzere wa silikoni ndi wokhuthala kapena fungo la viniga likumvekabe ndikalowetsa mphuno m'thankimo, ndimawonjezera masiku. Kuika beseni la madzi pafupi m'nyengo youma kumathandiza. Chubu chomwe chadutsa tsiku lake chikhoza kukana kulimba mpaka kalekale, choncho ndi bwino kufinyira pang'ono pa chidutswa cha galasi n'kuona mawa lake musanamate thanki yonse.

Pomatapo, kumbukirani kuti silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale. Kupaka kachigamba pamwamba pa malo odonthawo kumangopusitsa maso kwa milungu ingapo. Wakale yense wa mbali imeneyo achotsedwe ndi lezala latsopano mpaka galasi lizilira mukalipukuta, kenaka mupukute ndi spiriti ndi kansalu koyera n'kudikira kuti liume. Parafini, petulo, sopo ndi mankhwala opukutira mawindo zisayandikire, chifukwa zimasiya mafuta kapena thovu lomwe limaletsa silikoni kugwira ndiponso limavulaza nsomba. Amisiri ambiri amaviika chala m'madzi a sopo posalaza mzere kuti ukongole; pa thanki ya nsomba ndimawapempha kuti agwiritse ntchito kasupuni ka pulasitiki kapena chala chonyowa ndi madzi okha. Kumata kuchitikire mkati, kumene madzi amakankhira silikoni pagalasi, osati kunja kumene amamukankhira kutali. Sabata ikakwana, thanki iyesedwe panja pamalo osalala, idzazidwe, igone tsiku limodzi kapena awiri pamwamba pa nyuzipepala kuti dontho lililonse lioneke, kenaka madziwo atayidwe. Madzi a pampopi omwe a Central Region Water Board amatipatsa amakhala ndi chlorine woteteza ife anthu, choncho aimikidwe m'ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri nsomba zisanalowemo, kuopa kuti mungadzanamizire guluu imfa yomwe wabweretsa ndi chlorine.

Super glue, wa m'timachubu tating'ono tomwe amagulitsa ndi a maokala omwe, ndinkamukayikira kwambiri chifukwa cha fungo lake loboola mphuno, koma iye ndi mmodzi mwa osaopsa. Dzina lake lenileni ndi cyanoacrylate, ndipo nayenso amalimba akakumana ndi chinyezi, kotero akangokhudza madzi amasanduka pulasitiki wolimba m'kanthawi kochepa. Oweta nsomba m'maiko ambiri amamatira zomera pamiyala ndi pamitengo ndi guluu ameneyu, ndipo inenso ndimamanga naye timapanga ta miyala tomwe mbuna zimakonda kubisalamo. Amayera akalowa m'madzi, choncho timadontho tochepa ndi tokwanira, ndipo wokhuthala uja wolembedwa kuti "gel" ndiye wosavuta kugwiritsa ntchito. Chomwe sangachite ndi kulumikiza magalasi a thanki. Akauma amakhala wosapindika, pamene galasi lodzaza madzi limafutukuka pang'ono, ndipo tsiku lina amangothetheka mwadzidzidzi. Chenjeraninso ndi thonje: super glue akathiridwa wambiri pa thonje kapena pa nsalu ya thonje amatentha mpaka kuwotcha khungu.

Epoxy, guluu wa magawo awiri osakaniza uja, ali pakati. Akasakanizidwa molingana ndi mmene wopanga wanenera, n'kulimba mpaka mkati, sasungunuka m'madzi, ndipo ndi wothandiza pomata miyala, simenti wouma ndi malo olowera paipi. Ngozi yake ili pa gawo lolimbitsa, lomwe payekha ndi poizoni, ndipo ngati munthu wathira mongoyerekeza kapena wasakaniza mwaulesi, lina limatsala losagwirizana ndi linzake n'kumatuluka m'madzi pang'onopang'ono. Wokanda ndi manja uja, monga Pratley Putty wa ku South Africa yemwe ambiri timamudziwa, akandidwe mpaka mitundu iwiriyo isanduke umodzi wopanda mizere. Ngakhale mitundu ina imalimba ndi pansi pa madzi pomwe, ine ndimakonda kumatira kunja, kudikira masiku angapo, kutsuka, kenaka n'kulowetsa, chifukwa m'thanki yaing'ono madzi ndi ochepa ndipo palibe kothawira. Mawu akuti amauma m'mphindi 5 amangotanthauza kuti wasiya kuyenderera. Kulimba kwenikweni kumatenga maola 24 kapena kuposa, makamaka m'nyengo yozizira. Mitundu yosakanizidwa ndi ufa wa zitsulo ndimaisiyira amakanika, pakuti zitsulo zina, makamaka kopa ndi zinki, zimapha nsomba ndi nkhono ngakhale zitakhala zochepa kwambiri m'madzi.

Enawa sindichedwapo. Guluu wachikasu wa osoka nsapato ndi solushoni womatira machubu a njinga muli mafuta ouluka monga toluene ndi hexane, omwe amazunguza ndi munthu yemwe, ndipo pakati pa zinthu ziwiri zomatidwa fungolo limakhala nthawi yaitali lisanathe. Asalowe m'madzi a nsomba. Guluu woyera wa akalipentala amafewa akanyowa n'kudetsa madzi. Wa timitengo tosungunula ndi magetsi sapha nsomba, koma amamatuka pakapita nthawi. Putty wa m'mawindo ndi wa mafuta ndi choko, ndipo si wa m'madzi. Wa mapaipi a PVC amanunkha koopsa akadali wamadzi chifukwa amagwira ntchito posungunula pulasitikiyo kuti mbali ziwiri zikhale chinthu chimodzi, koma zosungunulirazo zimauluka. Mukalumikiza, dikirani maola osachepera 24, mudutsitsemo madzi ambiri n'kuwataya, ndipo paipiyo ndi yabwino.

Pali chinthu china chomwe chimadyera anthu ndalama pachabe, ndicho kuyesa kumata mabeseni, zigubu, migolo yabuluu ndi mathanki akuluakulu a pulasitiki. Zambiri mwa izi zimapangidwa ndi polyethylene kapena polypropylene, ndipo mukayang'ana pansi pake mupeza kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala 2, 4 kapena 5. Pa pulasitiki wotere silikoni, epoxy ndi super glue onse amakana. Amaoneka ngati agwira, koma mukakanda ndi chikhadabo amasendeka. Apa anzathu a kumsika omwe amamata ndowa ndi chitsulo chamoto ndi kachidutswa ka pulasitiki ndiwo akulondola, chifukwa kuwotcherera ndiyo njira yeniyeni. Chofunika ndi kuwapatsa nokha chidutswa choyera cha pulasitiki wa nambala yomweyo, kuopa kuti angadule botolo lomwe munali mankhwala a fodya kapena a mbewu. Polowetsa paipi m'mgolo, cholumikizira cha mazinga chokhala ndi mawashala a labala chimaposa guluu aliyense.

Dziwe la simenti lili ndi nkhani yakeyake, ndipo apa chomatira choopsa kwambiri ndi simenti mwini wake. Simenti watsopano amatulutsa laimu wambiri m'madzi, moti pH (muyeso woonetsa ngati madzi ali ndi asidi kapena laimu wambiri) ya madzi oyamba kuthiridwamo ikhoza kufika pa 11 kapena 12. Nsomba zoweta zimakula bwino pakati pa 6.5 ndi 9, ndipo pa 11 zimafa, makha ndi khungu zitapsa. Ena amanena kuti nsomba za m'nyanja ya Malawi zinazolowera madzi otere, koma pH ya m'nyanjamo ili cha pa 8, ndipo nambala iliyonse pa sikelo imeneyi imachulukitsa mphamvu ka 10, kotero 11 imaposa 8 ka 1,000. Palinso msampha wina womwe suoneka: pH ikakwera, ammonia wa m'ndowe za nsomba amasanduka mtundu wake wakupha. Pa pH 7, m'madzi ofunda madigiri 25, gawo lakuphalo silifika ngakhale 1 pa 100, koma pa pH 9 limapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye chifukwa chake dziwe lomwe langomatidwa ming'alu ndi simenti watsopano likhoza kupha nsomba zomwe zakhalamo bwino kwa chaka chonse, ngakhale chigambacho chili chaching'ono.

Pomanga dziwe langa, bilidala ankafuna kuti tiikemo mbewu ya nsomba pulasitala atangouma, poti mwini mbewuyo anali atalonjeza kale tsiku lobweretsa. Ndinamupempha kuti tidikire. Simenti amafika pa mphamvu yake patatha masiku 28, ndipo sabata yoyamba amafuna kumathiridwa madzi kuti asang'aluke. Titadutsa pamenepo, tinkadzaza dziwelo, kulisiya masiku angapo, kukhula makoma ndi burashi yolimba, kutaya madzi, n'kuyambanso, mpaka pH itatsika n'kukhazikika. Timapepala toyezera pH timapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za maiwe osambira ndi za ulimi ku Lilongwe, koma pakhomo pathu pomwepa pali choyezera chomwe ndimaphunzitsira ana kusukulu, ndicho chidede. Mukawiritsa zikhokho zake zofiira zija n'kuthira madzi ake pang'ono m'tambula ya madzi a m'dziwe, ina n'kuthiramo madzi a pamjigo kuti muyerekeze, madzi a laimu wambiri amasanduka obiriwira moonekeratu. Chidede sichikupatsani nambala, koma chimakuuzani msanga kuti nthawi sinakwane. Madzi akasiya kusanduka obiriwira, ikanimo kaye matemba ochepa kwa sabata musanaike mbewu yomwe mwagula ndi ndalama zambiri.

Mng'alu ukadzabwera, monga umabwerera pamene dothi lafufuma ndi mvula n'kuuma m'chilimwe, silikoni wa fungo la viniga uja si mankhwala ake. Asidi wake amadyana ndi laimu wa mu simenti n'kusiya kaufa pansi pake, ndipo mzere wonse umasendeka. Njira yomwe yandithandiza ndi kusamutsa nsomba, kukulitsa mng'aluwo pang'ono ndi tchizulo kuti chomatira chipeze pokhala, kuchotsa ndere ndi fumbi, kunyowetsa, n'kumata ndi simenti wosakaniza ndi mchenga wosefa wa kumtsinje, gawo limodzi la simenti pa magawo awiri kapena atatu a mchenga, kenaka kutsukanso dziwelo kangapo monga poyamba. Mng'alu waung'ono pa simenti wouma umatheka ndi epoxy. Womwe umatseguka ndi kutsekeka malinga ndi nyengo umafuna chomatira chotanuka cha polyurethane kapena cholembedwa kuti "MS polymer", ndipo nachonso chikhale chonena poyera kuti ndi choyenera maiwe a nsomba kapena madzi akumwa.

Phula ndilo limandidetsa nkhawa kwambiri kumidzi kuno, chifukwa ndi lotchipa, ndi lodziwika pomata madenga a malata, ndipo limaonekadi ngati lathetsa vuto. Mnzanga wina wa cha ku Kamwendo anapaka dziwe lake lonse phula lomwe analisungunula ndi dizilo kuti lipakike ndi burashi. Atathiramo madzi, pamwamba pake panayandama mafuta onyezimira mitundumitundu, ndipo iye anati adzatha okha. Makumba ake anayamba kufa mmodzimmodzi, ndipo otsalawo ankanunkha dizilo m'mbale. Dzuwa la Okutobala likamawomba pa khoma lakuda, phula limafewa n'kumatulutsabe mafutawo, kotero vutoli silitha ndi kutaya madzi kamodzi. Ilipo mitundu ya phula la m'zitini yomwe imapangidwira mathanki a madzi akumwa, ndipo imalembedwa choncho. La pamsewu, la padenga ndi losungunula ndi dizilo kapena parafini si limenelo. Penti wa mafuta ndi penti wa padenga nazonso zisapakidwe mkati mwa dziwe.

Omwe amayala pepala lakuda la pulasitiki m'dziwe lokumba adziwe kaye mtundu wa pepala lawo asanagule chomatira. Lolimba lija la madamu a ulimi wothirira kawirikawiri ndi la polyethylene, ndipo limalumikizidwa powotcherera kapena ndi tepi yake yapadera, osati guluu wa nsapato. La PVC, lomwe limakhala lofewa, lili ndi guluu wake, ndipo chigambacho chiyenera kuuma fungo lithe madzi asanabwerere. Pepala lopyapyala lomwe amayala pansi pa maziko a nyumba limabooka msanga ndi mizu ndi dzuwa, moti kulimata ndi kutaya nthawi. Ndi bwino kuyala lina.

Sabata yodikira ija imafuna kukonzekera, apo ayi munthu amagonja pa tsiku lachiwiri. Nsomba zikhale m'beseni kapena mgolo womwe sunalowepo sopo kapena mankhwala, pamthunzi, m'madzi omwe zinali kale, ndipo pamwamba pavundikiridwe ndi nsalu yopyapyala chifukwa zimalumpha. Musavundikire ndi neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala, pakuti mankhwala ake ndi oopsa kwambiri ku nsomba. Chakudya chichepetsedwe kwambiri, poti nsomba zazikulu zimapirira njala ya masiku angapo kusiyana ndi madzi oipa, ndipo gawo lina la madzi lizisinthidwa tsiku ndi tsiku. Siponji ya m'sefa isungidwe yonyowa m'madzi omwewo kuti tizilombo tothandiza tija tisafe. Magetsi akazima, kutunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba kumalowetsa mpweya.

Ngati mwamata kale ndipo mukuona nsomba zikuyasamula pamwamba, zikusambira mopendekeka kapena zikudzikhula, musadikire kuti muone mawa. Zichotseni nthawi yomweyo muziike m'madzi ena oyera omwe atentha kapena kuzizira mofanana ndi omwe zinali, chifukwa kusintha madzi m'thanki momwemo pamene gwero la poizoni likadali pakona kumangochedwetsa imfa. Makala apadera a m'sefa, olembedwa kuti "activated carbon", amayamwa mankhwala ambiri otere, koma makala a pambaula sangafanane nawo mphamvu, ndipo phulusa lawo limakweza pH. Miyala ndi mchenga zitsukidwe ndi madzi ambiri opanda sopo.

Nsomba zomwe zafa chifukwa cha guluu, phula kapena penti zisadyedwe, ngakhale zikhale makumba onona omwe mwawadyetsa madeya kwa miyezi yambiri, ndipo zisaponyeredwe amphaka, agalu kapena nkhuku. Zikwirireni m'dzenje lakuya. Madzi otsukira dziwe la simenti watsopano ndi omwe mwatsukira mapaipi atayidwe pamalo ouma kutali ndi chitsime, dimba ndi khwawa, popeza makwawa athu ambiri amathira mu Bua ndi Rusa momwe anthu ena amawedza ndi kutunga. Machubu otsala atsekedwe bwino n'kuikidwa pamwamba pomwe ana sangafikire, makamaka super glue, yemwe kabotolo kake kamafanana ndi ka mankhwala a m'maso.